Akonzi, mawu oti "kutentha" akusenza katundu wa anthu awiri

Akonzi,

Ndipatseni kadanga mu nyuzi yathuyi ndinene nawo kankhani kamene kakhala kakundizungulira m'mutu chiyambire temu ino. Ine ndine wowotcherera, shedi yanga ili kuno ku Kawale, ndimapanga mageti, mafelemu a zitseko ndi mawindo, mbaula, chilichonse bola chikhale cha chitsulo. Kwathu kwenikweni ndi ku Ngabu uko ku Chikwawa, nde nkhani ya kutentha musandiuze, ndinabadwira momwemo ndipo pano ndikudyera momwemo.

Wandilembetsa kalatayi ndi mwana wanga wamkazi, ali Fomu 2. Tsiku lina madzulo anabwera ndi kope nkhope itagwa, akuti aphunzitsi awapatsa funso loti afotokoze kusiyana kwa heat ndi temperature, nde iyeyo mmene amachitira masiku onse anayamba wazitembenuza kaye m'Chichewa kuti zimulowe bwino. Heat, kutentha. Temperature, kutentha. Basi mutu waima. Akuti ababa, ndiye kuti akufuna ndisiyanitse kutentha ndi kutentha? Mayi ake kuseka mpaka misozi, ine ndinaseka nawo pang'ono koma kenaka ndinaona kuti mwanayu sanalakwe olo pang'ono, vuto lili ndi ife amene timaitana zinthu ziwiri ndi dzina limodzi. Pawailesi akamalengeza za nyengo amati kutentha kufika madigiri 40 ku chigwa cha Shire, kuchipatala amati tiyeze kutentha kwa thupi, kunyumba timati mbaula iyi siyikutulutsa kutentha, mawu ndi omwewo koma zomwe zikunenedwa si chinthu chimodzi ayi. Ine sukulu ndinalekezera Fomu 4 koma physical science ndinkayikonda ndipo ndinakhoza, nde ndinati ndisachite manyazi, mawa lake poweruka ndinamuuza adzere ku shedi.

Atafika ndinayatsa grinder nkuyamba kudula chitsulo, masipaki nkumathetheka kugwera pa mkono wangawu mmene zimakhalira tsiku ndi tsiku. Ndinamufunsa kuti timoto iti ukuganiza kuti tatentha bwanji, iye akuti kaya. Timasipaki timeneti ndi tizidutswa ta chitsulo tomwe tapsa mpaka kuwala, madigiri ake amapitirira 1,000, pomwe madzi a tiyi owira bwata bwata sapitirira 100. Koma taonani, ine ndimasamba masipaki amenewa kuyambira mmawa mpaka madzulo, ndimangomva ngati kanyerere kandiluma basi, pomwe kapu imodzi ya tiyi itanditayikira pa mkono womwewu ndiye kuti matuza, mwinanso sabata yonse osagwira ntchito. Nanga bwanji cha madigiri 100 chikupweteka kuposa cha madigiri 1,000? Kasipaki ndi kakang'ono zedi, kochepa kuposa kamchenga, nde olo katenthe chotani mphamvu yomwe kanyamula ndi yochepetsetsa, kakangokhudza khungu kapereka zonse zomwe kanali nazo nkuzima pompo. Kapu ya tiyi ndi madzi ambiri, ali ndi nkhokwe, amangopereka nkumapereka mpaka khungu kupsa. Ndipo anzanga owotcherera andichitira umboni, chitsulo chomwecho chikasungunuka nkudontha dontho lalikulu ngati nsawawa kulowa mu nsapato, munthu wamkulu amavina beni popanda ng'oma. Madigiri a dontholo ndi a kasipaki aja sanasiyane kwenikweni, chasiyana ndi kukula. Pano ndisanamize ana, masipaki si choseweretsa, akalowa m'diso ndi nkhani ina ndipo akagwera pa petulo shedi yonse imapita, ine ndikunena za pakhungu la mkono.

Mayi ake ndi amene anandipatsa chitsanzo chabwino kuposa changa madzulo a tsikulo osadziwa nkomwe. Ankalawa ndiwo nkunena kuti mchere wakolera. Ndinati imani pomwepo. Kukolera kwa mchere ndi kwina, kuchuluka kwa mchere womwe wathiridwa ndi kwinanso. Kambale kakang'ono ka usipa mukhoza kuthiramo supuni imodzi yokha kakhala kowawa mchere osadyeka, pomwe chimphika cha nyemba cha pa ukwati mumalowa paketi yathunthu koma mukalawa zili bwinobwino. Lilime limakuuzani kukolera, silikuuzani kuti mwalowa mapaketi angati. Temperature ndiye kukolera kuja, ndi mulingo wosonyeza kuti chinthu chatentha kufika pati, timayeza ndi themomita ndipo yankho limabwera m'madigiri. Heat ndiye mchere weniweniwo, ndi mphamvu, ili ndi kuchuluka kwake, imagulidwa ndi ndalama pa thumba la makala kapena pa mayuniti a magetsi, ndipo amayiwerenga m'majulu. Mwana anangoti ooo, nkuyamba kulemba.

Akuluakulu a sayansi amati chilichonse chomwe tikuchiona, chitsulo, madzi, mpweya, chinapangidwa ndi tizidutswa ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso ndipo timeneti sitikhala phee, timanjenjemera, m'madzi ndi mumpweya timachita kuthamangathamanga nkumagundana. Themomita imatiuza kuti tizidutswato tikuvina molimba bwanji tikatengera pakatikati, siyisamala kuti ovinawo alipo khumi kapena mudzi wonse. Pano ndikudziwa kuti aphunzitsi ena akuwerenga atagwira kale cholembera chofiira, nde ndiwatsogolere: heat kunena mwa m'buku ndi mphamvu imene ili paulendo, ikuchoka pa chinthu cha madigiri ambiri kupita pa cha madigiri ochepa, ikangokhala mkati mwa chinthu osayenda amayitchula dzina lina. Ndavomera. Ndipo ulendowo suyang'ana kuti wolemera ndani. Ndikaponya kamsomali kofiira mu ndowa ya madzi ofunda kamalira tchiii, mphamvu ikuchoka mu kamsomali kupita m'madzi ngakhale kuti ndowa yonseyo ili ndi mphamvu zambiri kuposa kamsomaliko. Zili ngati Linthipe, madzi ake ndi ochepa poyerekeza ndi nyanja koma amatsetserekabe kukathira m'nyanja ku Salima chifukwa akuchokera kumtunda, nyanja siyingakwere kupita ku Dedza ati chifukwa ndi yayikulu.

Tiyeni tiwerengeko pang'ono, musaope, ndi samu ya kumsika. Kuti lita imodzi ya madzi ikwere ndi digiri imodzi yokha pamafunika majulu pafupifupi 4,200. Kapu ya tiyi ndi kota ya lita, mukayichotsa pa madigiri 20 mmene madzi amakhalira pa mpope mmawa kuyifikitsa powira, mwawononga majulu pafupifupi 80,000. Tsono tengani ndowa ya malita 20 ya madzi osamba, simukufuna awire, mukungofuna afunde, kuchoka pa 20 kufika pa 40 basi. Malita 20 kuchulukitsa ndi 4,200 kuchulukitsanso ndi madigiri 20 mupeza majulu 1,680,000. Ndowa yomwe mwana akhoza kupisamo dzanja osalira yadya mphamvu yochuluka pafupifupi ka 20 poyerekeza ndi kapu yomwe ingakusupuleni lilime. Yuniti imodzi ya magetsi ndi majulu 3,600,000, nde ndowa ija yokha yamwa pafupifupi theka la yuniti, pomwe yuniti imodzi ikhoza kuwiritsa makapu a tiyi opitirira 40. Amene mumakangana m'nyumba kuti mayuniti akutha bwanji msanga, siyani kulimbana ndi mwana wotchaja foni, funsani amene akusamba madzi otentha kawiri patsiku.

Chitsulo sichili ngati madzi. Kilo imodzi ya chitsulo imangofuna majulu pafupifupi 450 kuti ikwere digiri imodzi, madzi amafuna pafupifupi ka 9 kuposa pamenepo. Nchifukwa chake malata a padenga ikangokwana 9 koloko mmawa mwezi wa Okutobala sungawagwire, koma dzuwa likangolowa azizira kale, pomwe diramu ya madzi yomwe yakhala padzuwa lomwelo tsiku lonse imangofunda pang'ono koma usiku ukayipisa dzanja ikadali yofunda. Amene munapitako ku Senga Bay kapena ku Mangochi masana mukudziwa mmene mchenga umawotchera kuphazi, munthu kumathamanga chodumphadumpha kukalowa m'madzi ozizira bwino, chonsecho dzuwa ndi limodzi lomwelo lomwe lawomba mchenga ndi nyanja. Usiku zimatembenuka, mchenga zii, madzi ofunda. Nyanja imamwa mphamvu yochuluka zedi koma madigiri ake amangosuntha pang'ono. Makoma a njerwa nawo ali ndi kakhalidwe kawo, amamwa masana onse nkumabweza usiku, nchifukwa chake kwathu ku Ngabu nyengo ino anthu amatulutsa mphasa kukagona panja, kunja kwayamba kupepukako koma m'nyumba khoma likadalavulabe za masana.

Tsono apa ndi pomwe ndikufuna amayi ndi abambo ophika amvetsere chifukwa ndi nkhani ya ndalama. Madzi akangoyamba kuwira madigiri ake amaima, olo musonkhezere nkhuni mtolo wonse, olo mukupize mbaula mpaka mkono kuwawa, sakweranso. Mphamvu yonse yowonjezerayo imapita kukasandutsa madzi kukhala nthunzi nkuuluka. Nde mukamaphika nyemba, poto yomwe ikuwira mwaukali chivundikiro chikuvina ndi poto yomwe ikungowira pang'onopang'ono, mkatimo madigiri ndi amodzimodzi ndipo nyemba zipsa nthawi yofanana, kusiyana kwake winayo watha makala ambiri komanso wathira madzi katatu. Ine nkhani iyi ndinakangana nayo ndi mayi a kunyumba mwezi wathunthu, iwo akuti moto wambiri ndiye kupsa msanga, agogo awo ankatero. Tinachita kuyesa Lamulungu lina, mapoto awiri, nyemba za m'thumba limodzi, mbaula ziwiri zopanga ine ndemwe. Zinapsa pafupifupi limodzi. Sanavomere ndi pakamwa koma ndaona kuti masiku ano zikangowira amatseka kachitseko ka mbaula nkuvundikira poto. Moto waukulu ndi wofunika poyamba kuti madzi afike powira msanga, akafika pamenepo mukungodyetsa mphepo. Taganizani makala omwe amapsa chabe mu Lilongwe muno ndi mu Blantyre tsiku lililonse chifukwa cha kakusamvetsa kameneka, kenaka tizidabwa kuti mitengo ku Dzalanyama ikupita kuti.

Ndipo nthunzi ija musayione kupepuka. Kuti kilo imodzi ya madzi owira kale isanduke nthunzi yonse pamafunika majulu pafupifupi 2,260,000, kuposa kasanu mphamvu yomwe imafunika kuchotsa madzi omwewo pa 0 kuwafikitsa pa 100. Mphamvu yonseyo imabisala mu nthunzimo, themomita siyiyiona nkomwe, ikuwerengabe 100 yomwe ija. Koma nthunziyo ikakhudza dzanja lanu nkubwerera kukhala madzi imakutulirani katundu yense pakhungu. Nchifukwa chake kupsa ndi nthunzi povundukula poto kapena potsegula radiator ya minibasi yomwe yawira kumakhala koipa kuposa kudonthedwa ndi madzi owira, madigiri ofanana koma katundu wosiyana. Thukuta limagwira ntchito yomweyo koma motithandiza, likamauma limanyamula mphamvu kuchoka m'thupi. Mtsuko wa agogo chimodzimodzi, timadzi timene timatuluka m'timabowo ta dothi tikamauma kunjako timaba mphamvu ya madzi a mkati, nde madzi a mumtsuko amazizira popanda filiji pomwe a m'chigubu cha pulasitiki ali ngati msuzi.

Amene anayamba kuzilongosola bwino zimenezi ndi Joseph Black, mphunzitsi wa ku Glasgow ku Scotland cha m'ma 1760. Iyeyu anadabwa ndi madzi oundana, kuti bwanji akamasungunuka amatenga nthawi yaitali chonsecho themomita yangoima pa malo amodzi, mphamvu yomwe ikulowayo ikupita kuti. Anapeza kuti ikugwira ntchito yomasula ayeziyo osati yokweza madigiri. Lero tikudziwa kuti kilo imodzi ya ayezi imamwa majulu pafupifupi 334,000 kuti ingosungunuka, ikadali pa 0 pomwepo, mphamvu yoti ikanakweza madzi omwewo kufika pafupifupi madigiri 80. Anyamata ogulitsa zoziziritsa kukhosi pa depoti ndi amalonda a chambo amazidziwa bwino ngakhale Black sanamumvepo, palibe amathira madzi ozizira mu kula bokosi, onse amafuna ayezi weniweni.

Nthawi imeneyo azungu ophunzira ambiri ankakhulupirira kuti kutentha ndi kamadzi kenakake kosaoneka komwe kamakhala mkati mwa zinthu nkumatsanulika kuchoka umu kulowa umu. Munthu wina dzina lake Benjamin Thompson, yemwe amadziwikanso kuti Count Rumford, ankayang'anira ntchito yoboola mizinga ya nkhondo ku Munich, ndipo ameneyu ndimamumva ngati mnzanga wa pa shedi chifukwa anaona chomwe ine ndimaona ndikamaboola chitsulo ndi drill yobuntha. Anaona kuti mzinga ukungotentha osaleka malinga akavalo akuzunguza choboolera, nde anamiza zonsezo m'madzi, patatha maola awiri ndi theka madzi anawira popanda moto olo kamtengo ka machesi. Anazilemba mu 1798. Funso lake linali loti ngati kutentha ndi kamadzi kosungidwa m'chitsulo bwanji sikakutha? Kenaka cha m'ma 1840 kunabwera James Joule wa ku Manchester, mwana wa m'banja lofulula mowa, iyeyu anamangirira zitsulo zolemera ku chingwe kuti zikamatsika zizizunguza zopalasira m'madzi, nkumayeza mosamala kuti madziwo afunda bwanji. Anasonyeza kuti ntchito yakutiyakuti imabala kutentha kwakutikwakuti nthawi zonse, nchifukwa chake majulu aja anatengera dzina lake. Koma kunena zoona makolo athu omwe ankapeka moto ndi timitengo tiwiri anali atazigwira kale ndi manja zoti kukhuza kumabala kutentha, chomwe sanachite ndi kulemba manambala.

Madigiri omwe timamva pawailesi ndi a Anders Celsius wa ku Sweden, anawakonza mu 1742, ndipo choseketsa nchoti iye anayika chadodolido, 0 powira madzi ndi 100 poundana, anadzazitembenuza ndi ena iye atamwalira. Ku America amagwiritsabe ntchito a Fahrenheit, nde m'bale wanu wa kumeneko akakuuzani pa WhatsApp kuti lero kunja kuli 100 musayambe kulira maliro, ndi pafupifupi 38 ya kwathu kuno, ku Nsanje amenewo ndi masana wamba a Okutobala. A sayansi ali ndi muyeso wawonso wa Kelvin womwe umayambira pansi penipeni, pa madigiri 273 kutsika pansi pa 0 yathuyi, pomwe palibenso kuzizira kopitirira apo.

Ndinati madzi amawira pa 100 koma apa ndiwongole, zimenezo ndi za kumalo otsika ofanana ndi nyanja yamchere. Ukamakwera kumtunda mpweya wotipsinja umachepa nde madzi amawira msanga asanafike 100. Ku Ngabu ndi ku Nsanje ndi kotsika, amawira pafupifupi pa 100 ndithu. Kuno ku Lilongwe tili pamtunda wopitirira mamita 1,000, amawira cha pa 96 kapena 97. Ku Dedza kwawo kwa mayi a kunyumba ndi cha pa 95, ndipo pa Sapitwa pamwamba pa phiri la Mulanje, mamita 3,002, ndi cha pa 90 basi. Nde nyemba za kumapiri zimachedwerapo kupsa ndipo kusonkhezera moto sikungathandize, madziwo afika pa malire awo. Chomwe chimathandiza ndi poto uja wotseka ndi labala amati pressure cooker, amatsekera nthunzi mkati mpaka madzi amafika cha pa 120 nde nyemba za maola atatu zimapsa ola lisanathe. Mafuta ophikira ndiye alibe malire a 100 amenewa, a mandasi amafika cha pa 170 kapena 180, nchifukwa chake mandasi amafiira kunja pomwe chophikidwa m'madzi sichingafiire olo chiwire tsiku lonse, komanso nchifukwa chake kadontho ka madzi kakagwera mu chiwaya kamaphulika, kasanduka nthunzi kamodzinkamodzi.

Dzanja nalo ndi kamboni konama, musamalikhulupirire kwambiri. Mwezi wa Juni mmawa chiperoni chikuwomba gwirani handulo ya njinga pomwe pali chitsulo kenaka gwirani mpini wa khasu womwe wagona panja pomwepo. Chitsulo chimaluma, mpini uli bwinobwino, koma mutayika themomita zonse ziwiri madigiri ndi amodzi chifukwa zagona usiku umodzi pa bwalo limodzi. Chitsulo chimakoka mphamvu ya m'dzanja lanu mwachangu, mtengo umakoka mwaulesi, nde chomwe khungu limamva ndi liwiro la kubedwa kwa mphamvu osati madigiri. Bulangete nalo silibala kutentha, lilibe moto mkati, limangotchinga kuti kwa m'thupi mwanu kusathawe, ndipo bulangete lomwelo mukakulunga nalo ayezi amachedwa kusungunuka. Pa chifukwa chomwechi mwana akadwala kumugwira pachipumi ndi chiyambi chabe, dzanja lomwe langochoka kochapa limva ngati mwana akuyaka, dzanja lomwe langochoka pa mbaula limva ngati ali bwino. Thupi la munthu limakhala cha pa 37, likafika 38 kupita mtsogolo ndiye kuti pali chomwe chikuchitika, kusiyana kwa digiri imodzi yokha, dzanja silingakuuzeni zimenezo molondola. Kathemomita ka ku famase ndi kotchipa kuposa thumba la makala.

Palinso za madigiri a pawailesi aja. Akati lero ku Chikwawa kufika 41 ndiye kuti ayeza mpweya pa mthunzi, themomita imakhala m'kabokosi koyera kolowa mphepo kokwezedwa pamwamba pa nthaka, si madigiri a pa tala kapena a padenga la malata kapena a mkati mwa galimoto yotseka magalasi, amenewo amakhala okwera kuposa pamenepo kutalitali. Nde wina asamati akunama awa kuno kukuposa apa, inuyo mwaima padzuwa mukulandira mphamvu yochokera kumwamba, ina yochokera pansi pa tala, chonsecho iwo anena za pamthunzi.

Chomwe chinandipweteka mtima mpaka kuganiza zolemba kalata osangozisiyira pa kope la mwana wanga ndi ichi. Chaka chatha kamwana ka aneba athu, ka zaka ziwiri, kanakoka poto wa phala pa mbaula nkudzithira pachifuwa. Anthu anathamanga ndi chikondi chonse, wina dzira, wina mankhwala otsukira mano, wina mafuta ophikira, koma phala lija likadamatirira pa kamalaya ndi pakhungu. Phala ndi loipa kuposa madzi chifukwa madzi amayenderera nkugwa pansi pomwe phala limakakamira nkumapitiriza kutula mphamvu yake pamalo amodzi, ndipo olo mwalichotsa mnofu umakhala utamwa kale kutentha, ukupitirira kupsa mkati ngati mbatata yomwe mwaphula pamoto. Chofunika pamenepo ndi kuchotsa mphamvuyo, ndipo chomwe chimamwa mphamvu kwambiri tanena kale kuti ndi madzi. Madzi ozizira wamba a pa mpope kapena a mu ndowa, oyera, kuthira mosalekeza kwa mphindi 20, kuvula chovala chonyowacho ngati sichinamatirire pa bala, osayika ayezi, osapaka kanthu, kenaka kuphimba ndi kansalu koyera nkuthamangira kuchipatala. Dzira ndi mankhwala a mano sizichotsa kanthu, mafuta ndiye amachita kutsekera kutenthako mkati. Kamwanako kanachira koma chipsera chilipo chachikulu, ndipo ndikakaona kakusewera ndimadzifunsa kuti pa anthu tonse tinali pamenepo, ena a MSCE, ena a madipuloma, bwanji palibe anaganiza za ndowa ya madzi yomwe inali pakhonde pomwepo. Ine ndinafika mochedwa koma sindikudziwa ngati ndikanakumbuka, zinthu zomwe unaziloweza m'Chingerezi kuti ukhoze mayeso sizibwera msanga m'mutu mwana akamalira.

Nde pempho langa kwa inu akonzi ndi anzanu a pawailesi ndi loti tiyambe kuzipatula zinthu ziwirizi polemba ndi polankhula. Ine kunyumba kwanga ndayamba kunena kuti mulingo wa katenthedwe ndikamanena za madigiri, ndipo mphamvu ya kutentha ndikamanena za majulu, makala ndi mayuniti. Ndi mawu aatali ndikudziwa, pena ndimangoti tempelecha mmene amanenera anamwino, palibe cholakwika, sukulu ndi supuni tinabwerekanso ndipo lero ndi athu. Akuluakulu a ku Centre for Language Studies ku Zomba mwina ali ndi mawu abwino kuposa angawa, ngati alipo atiuze kudzera mu nyuzi yomwe ino tiziwagwiritsa ntchito, komanso agogo a kumudzi amene amasiyanitsa kufunda, kutentha, kuwotcha, kupsa ndi kunyeka mwina ali nalo liwu lomwe ife a m'tauni tinalitaya. Aphunzitsi a sayansi nawo ndikuwapempha kuti tsiku lophunzitsa mutu umenewu azibwera ndi kapu ndi ndowa m'kalasi, olo atenge ana apite nawo pa shedi ya wowotcherera aliyense wapafupi, sitikana ife, bola ana ayime patali ndipo asayang'ane moto wowotcherera zitsulo.

Mwana uja funso lake analemba za mchere wa pa ukwati ndi kambale ka usipa, m'Chingerezi chake chothyokathyoka, aphunzitsi anamuchonga koma analemba m'mbali ndi cholembera chofiira kuti pa mayeso a MANEB asadzatchule usipa.

Wowotcherera wa ku Kawale,
Lilongwe